Ndinaimitsa a Nino Onesimo Pakhomo la Chikepe

North Las Vegas, Nevada
24 Seputembala

Okondedwa Amayi,

Landirani moni wanga, ndipo ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu. Bondo lija likuti bwanji tsopano poti kumapiri kwayamba kuzizira? Achimwene Fidel anandiuza kuti anakupezani pamakwerero mukuthyola maapozi kuseri kwa nyumba, chonsecho adokotala anakuletsani. Amayi inu, mudzatipha ndi mtima. Mtengowo muwasiyire adzukulu anu, miyendo yawo ikadali yatsopano.

Ine m'thupi ndili bwino. Tsabola wowotcha munatumiza uja anafika bwinobwino, ndipo nditatsegula bokosi nyumba yonse inanunkhira kwathu ku Truchas. Kuno dzuwa silikudziwa kuti Seputembala akutha. Makina oziziritsa m'galimoto yanga anafa, moti ndikamafika kokwerera basi ya kuntchito malaya amakhala atanyowa kale. Koma zimenezo ndi zazing'ono.

Mukudabwa kuti bwanji ndalemba kalata pamene timalankhulana pafoni Lamlungu lililonse. Ndayesa kuti ndinene pafoni koma mawu akumakana kutuluka, ndipo inu mukangomva ndikusisima mumayamba kundifunsa ngati ndikudya. Ndiye khalani pansi, muvale magalasi, muwerenge mpaka kumapeto musanaimbire munthu aliyense. Nkhaniyi ndi ya a Nino Onesimo. Ali moyo, musadzidzimuke. Koma ine, mwana amene iwo anamunyamula paubatizo, ndi amene ndawachotsetsa pantchito.

Zimene sitiloledwa kunena sindilemba. Ntchito yathu mukuidziwa, ija mumaiseka kuti ndi unamwino wa mabomba okalamba. Chilekereni dziko kuphulitsa mabomba a nyukiliya poyesa, chaka chilichonse akuluakulu amayenera kutsimikizira boma kuti amene asungidwawo sangaphulike okha, ndiponso kuti sanafe ndi ukalamba. Kuti asaine zimenezo amadalira zimene ife timayeza pansi pa nthaka kuchipululu kuno, pa kachidutswa kakang'ono ka zinthu za m'kati mwa bomba kamene sikafika pophulika ngati bomba. Kuyesa kumodzi timakonzekera zaka, koma kumatha munthu asanaphethire.

Chaka chino ndalama zavuta. Aphungu ku Washington akukokanakokana pa bajeti, ena akuti ntchito ya pansi pa nthakayi ndi yodula komanso imachedwa, bola makompyuta. Chaka cha boma chikutha ndi mwezi uno. Abwana athu, mayi Pruitt, anatisonkhanitsa n'kutiuza mosabisa kuti kuyesa kwathu kukachitika mwezi usanathe, adzakhala ndi choonetsa alendo ochokera kwa aphunguwo. Kukalephereka, iwo sakudziwa ngati gulu lathu lidzakhalepo chaka chamawa. Anamaliza ndi mawu a masiku onse aja, akuti aliyense ali ndi ufulu woimitsa ntchito akaona chokayikitsa. Koma ankanena zimenezo maso ali pakalendala.

Kumusi kuja munthu sagwira chinthu ali yekha. Timakhala awiriawiri. Wina amawerenga mokweza chochita m'buku, mnzake amabwereza mawuwo ndiye n'kuchita, wowerengayo akuyang'anitsitsa. Ndipo tonse tinalumbira kuti ukaona mnzako sali mmene amakhalira, kaya waledzera, kaya maganizo amuchulukira, kaya mutu ukumusokonekera, unene osazengereza. Mnzanga wa chaka chino anali a Nino.

Lamulo limeneli anandiphunzitsa okha pamene ndinkayamba ntchito. Ankati iwe mwana, pansi pano palibe Nino, palibe kuti tinadyera mbale imodzi, ukadzaona dzanja langa likudodoma usadzandichitire manyazi, udzakuwe. Ine ndinkangoseka. Inunso mukuwadziwa manja a a Nino, aja anakonza wotchi ya malemu Atate popanda ngakhale magalasi.

Zinayamba pang'onopang'ono. Tsiku lina m'basi ananditchula dzina lanu, akuti Eufemia, tasendera ndikhale. Tinaseka, iwo n'kunena kuti mlandu ndi wanga chifukwa ndinaba mphuno ya mayi anga. Tsiku lina anasakasaka chipewa cholimba cha kuntchito chija chili kumutu kwawo. Darnell, mnzathu wa zamagetsi, anawagemula kuti madala, mawa mudzasaka ndevu. Ndani sanaiwalepo? Ndinadziuza kuti ndi kutopa, poti masiku amenewo tinkalowa m'mamawa n'kutuluka dzuwa litapendeka.

Ndiye linafika Lachinayi lina, chakumapeto kwa ntchito. Tinkamanga mabawuti pachitseko cha chimphika chachitsulo mmene kuyesako kumachitikira. Ndinawerenga, iwo anabwereza, anamanga bwinobwino, ine n'kuchonga. Ndisanawerenge chotsatira ndinaona akubwezera sipanala pa bawuti yomweyo. Ndinati a Nino, imeneyo tamanga kale. Anandiyang'ana ngati munthu amene wadzuka m'nyumba ya eni. Anayang'ana sipanala, anayang'ana khoma, kenako anandifunsa chapansipansi kuti kodi mwana iwe, tikumanga kapena tikumasula?



Posakhalitsa nkhope yawo inabwerera. Anati ukundiyang'ana chiyani, werenga, sitilipidwa kuti tizisirirana. Palibe chimene chinawonongeka, ndipo nthawi yoweruka inali itakwana. Koma m'chikepe pokwera kumtunda nditawafunsa, sankakumbukira n'komwe kuti anafunsa funso lotero. Anati ndikulota masana.

Darnell anali pafupi ndipo anaona zonse. M'basi pobwerera anadzakhala pambali panga n'kuyamba kunong'ona. Anati sisi, ndaona, komanso sindinaone. Anati kwangotsala masabata ochepa, uziwerenga pang'onopang'ono, uziwayang'anira, tikayesa madalawa adzapita kukapuma ndi ulemu wawo. Ukangoyasamula, chilichonse chimene anagwira chiyambireni chaka adzachimasula kuti achionenso, mwezi udzatha, ndalama zidzapita, tonsefe tidzakhala pamsewu. Anandionetsa chithunzi cha mapasa ake pafoni n'kundifunsa kuti kodi awa adzadya lamulo?  Sindinamude, chifukwa zimene ankanenazo ndi zomwe mtima wanga unkafuna kumva.

Paja Lachisanu sitigwira ntchito, ndiye ndinakhala nazo m'nyumba ngati munga m'phazi. Ndinachapa zovala zoyera kale. Ndinakolopa mpaka kuseri kwa firiji. Maganizo ankangobwerera pamodzi: nanga tsiku limene maso anga adzakhale m'buku pa nthawi imene iwo adzaiwale? Kumusi kuja kuli anthu, ndipo chikepe chotulukira ndi chimodzi kwa tonse. Komanso anthu amene sanationepo adzasaina maina awo pa zimene manja athu anamanga, dziko lonse n'kugona tulo pa siginecha imeneyo. Paja mumati pakadafunda padajiwitsa. Koma ndikakumbukira kuti amene anandigulira nsapato za Mgonero woyamba ndi iwo, mphamvu zinkandithera.

Lamlungu nditatuluka ku Misa ndinatenga tsabola amene munalembapo dzina lawo uja, n'kupita kuchipinda chimene amachita lendi. Ndinawapeza akuphika nyemba, wailesi ikuimba nyimbo za kwathu. Ndisanakhale n'komwe pansi anandifunsa ngati mwatumiza tsabola chaka chino. Ndinawapatsa thumbalo. Anakondwa ngati mwana, akuti a Eufemia okha ndiye saiwala munthu, ndipo nthawi yomweyo anatapako n'kuthira mu nyemba.

Kenako ndinawauza. Ndinanena za bawuti, za funso lija, za dzina lanu m'basi.

Sindinawaonepo atakwiya chotero. Anamenya chipande patebulo. Anati iwe Leandra, ndinakunyamula ine ukulira ngati kamwana ka mbuzi mpaka wansembe kusokoneza mawu. Ndinakuchotsa ine kogawa mowa m'nyumba ya juga muja, n'kukakulankhulira kuti ulowe ntchito ya anthu. Lero wakula, wayamba kundiyeza mutu? Anati iwo anayamba ntchitoyi nthaka ikugwedezekadi ndi mabomba oyesa, ine ndisanabadwe, ndipo sanalakwitsepo bawuti. Anati kwatsala miyezi yochepa kuti apume, akungofuna aone kuyesa komalizaku, atuluke ndi miyendo yawo, osati kupirikitsidwa ngati galu wolowa m'tchalitchi.

Ndinati a Nino, si inu munandiphunzitsa kuti ndidzakuwe? Anati ndinkanena za ena.

Anatembenukira kumphika n'kumavundula nyemba, ine misozi ili m'maso. Wailesi inaimba nyimbo ina yonse. Ndiye anatembenuka, nkhope itafewa ngati palibe chachitika, n'kundifunsa kuti kodi mwana iwe, amayi ako atumiza tsabola chaka chino?

Thumba linali patebulo pamaso pawo, lotsegula.  Ndinangoyang'ana thumbalo, iwo n'kutsatira maso anga. Analiyang'ana nthawi yaitali, anayang'ana mumphika mmene tsabolayo ankawira, kenako anakhala pampando pang'onopang'ono, chipande chili m'manja. Atakhala choncho anati pita kwanu. Ndili pakhomo ndinawauza kuti mawa akadzinenere okha kwa adokotala a kuntchito asanatsike pansi, ndipo akapanda kutero ndinena ine. 

Lolemba m'basi anakhala kutsogolo, osandiyang'ana. Njira yonse ya m'chipululu ija ine ndinkangopemphera kuti Ambuye, akatsike akhotere kwa adokotala. Tinatsika. Anadutsa khomo la adokotala ngati saliona.

Pafupi ndi chikepe pali bolodi pamene timakoleka tizitsulo tamkuwa, aliyense kake ka nambala yake. Ukamatsika umatenga kako, kuti pakachitika ngozi adziwe amene ali pansi. A Nino anatenga kachitsulo kawo, anakaika m'thumba, anaima pamzere. Mayi Pruitt anali pomwepo ndi mapepala awo. Darnell ankandiyang'ana osaphethira. Chitseko cha chikepe chinatseguka, anthu anayamba kulowa.

Ndinati ndikuimitsa ntchito. Koma mawu anatuluka ngati a udzudzu, moti anamva ndi a Nino okha, poti anali patsogolo panga. Ndikanatha kumeza mawuwo, palibe akanadziwa. Iwo anatembenuka, anandiyang'ana m'maso, n'kunena mokweza kuti wati chiyani? Kweza mawu. Ine sindinakuphunzitse kunong'ona.

Ndinakuwa, Amayi. Ndinati ndikuimitsa ntchito, mnzanga sali bwino.  Amene analowa m'chikepe anatuluka mmodzimmodzi. A Nino anapita pabolodi, anakoleka kachitsulo kawo pamsomali wake, anavula chipewa n'kumupatsa Darnell kuti agwire, ndiye anayenda kupita kwa adokotala msana uli chilili. Sanacheuke. Mpaka lero sindikudziwa ngati mawu aja ananena mondinyoza kapena mondithandiza.

Mayi Pruitt anandiitanira mu ofesi, anandifunsa zonse, analemba. Anati ndachita zoyenera ndipo asamve munthu akundinena. Koma nditatuluka ndinawaona pawindo atagwira nkhope ndi manja onse awiri.

Zimene Darnell ananena zachitika. Chilichonse chimene a Nino ndi ine tinamanga chikumasulidwa kuti achionenso, ndipo kuyesa kuja mwezi uno kulibe. Alendo a ku Washington anabwera sabata yatha ndi nsapato zawo zopanda fumbi, anatipeza tikuphwasula zimene anabwera kudzaona. Mmodzi anafunsa mayi Pruitt kuti kodi aka n'kachingati mukusuntha tsiku. Za ndalama palibe akudziwa. Ena akuti atipatsa zongokwanira kuyatsa magetsi, ena akuti gulu ligawidwa.

Chowawa china n'chakuti mpaka pano sanapeze bawuti ngakhale imodzi yolakwika. Ndimayenera kukondwa, ndipo ndimakondwadi chifukwa cha dzina la a Nino. Koma bawuti iliyonse ikapezeka yabwino, anzanga amayang'anana, ine n'kumamva zimene sakunena. Palibe wanditukwana. Kungoti m'basi mpando wa pambali panga umakhala wopanda munthu, ndipo Darnell masiku ano amandipatsa moni ndi chibwano. Usiku ndimadzifunsa ngati ndikanadikira, kenako ndimakumbukira maso aja pa sipanala.

Adokotala a kuntchito atandifunsa mafunso awo ananena chinthu chimodzi chokha, kuti zoterezi sizifuna kudikira. Akuti munthu ayenera kukaunikidwa m'mutu kuchipatala chachikulu, chifukwa matenda ena otere amachizika akawapeza msanga. Apa ndiye pali nkhawa yanga. Ruben, mwana wawo, anandiimbira kuti akubwera Loweruka likudzali kudzawatenga abambo ake kupita nawo kumudzi. Akuti abambo amuuza kuti ndalama za boma zatha, ndiye akuluakulu onse awapatsa tchuthi. Anandifunsa kuti nanga iwe sanakupatse bwanji. Ndinangoti ndidzamufotokozera. Ruben mukumudziwa, ukamuuza chinthu m'mawa, madzulo chafika kale kumalo omwera mowa m'tauni ya Española. Apa ndinadziwa kuti a Nino sananene kanthu kwawo, ngakhale kwa akazi awo, a Nina Cleotilde.

Poyamba ndinkati ndi manyazi a munthu wamkulu. Dzulo madzulo ndi pamene ndinadziwa kuti si manyazi okha.

Foni inalira, nditaona ndi a Nino, koyamba chichitikireni zija. Ndinayankha ndikuti lero ndiye anditukwana, bola atukwane zithe. Koma mawu awo anali ansangala ngati kale. Anati mwana iwe, mawa ukafika msanga undisungire malo m'basi, a kuwindo, Darnell asakhalepo amanunkha anyezi. Ndinati a Nino, mawa simukupita kuntchito. Anafunsa kuti chifukwa chiyani, kodi ndi holide? Ndinati ayi, anakuimitsani. Anati ndani? Ndinati ine.

Pafonipo ndinkamva wailesi yawo ija. Kenako anati ooh, ngati munthu amene wauzidwa mtengo wa nyemba, n'kundiuza kuti ndigone bwino. Nditaika foni ndinalira monga ndinalirira pamaliro a Atate. Kuwaimitsa kamodzi kunandiwawa mokwanira. Sindikudziwa kuti ndidzawauza kangati.

Tsono pempho langa ndi limodzi, ndipo n'chifukwa chake kalatayi ndaitumiza pa positi yachangu. Pitani kwa a Nina Cleotilde Loweruka lisanafike. Osati pafoni, osatumanso Fidel. Mupite nokha, mukakhale nawo kukhitchini monga mumachitira, muwauze zonse zimene ndalembazi. Nkhani yotere aimve kwa mnzawo amene anakula naye, osati kwa anthu a pamsewu. Muwauze kuti a Nino akangofika awatengere kuchipatala ku Albuquerque, ngakhale akane, ngakhale akalipe, ndipo makiyi a galimoto asamakhale poonekera, poti msewu wa kwathu uja ndi wa maphompho.

Musakandiikire kumbuyo. A Nina akakwiya nane, asiyeni akwiye, ali ndi chifukwa. Ndalanda amuna awo tsiku limene analidikira zaka zonsezi ali kutali ndi kwawo. Akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi, koma ndikudziwa kuti kumudzi ena adzati mwana wa Eufemia alibe chiyamiko. Zimenezo ndisenza. Chachikulu apite kuchipatala.

Za ine musade nkhawa kwambiri. Ndikudya. Ndalama zikapanda kubwera mudzangondiona ndatulukira ndi masutikesi, ndiye chipinda changa chija musachidzaze ndi maungu.

Mundiperekere moni kwa achimwene Fidel ndi alamu anga, ndi ana onse, makamaka wamng'ono uja amene akuti wayamba kuguluka mano. Moni kwa azakhali a Sinforosa, muwauze kuti kolona anandipatsa ija ndimayenda nayo m'thumba mpaka pansi pa nthaka. Moni kwa atsibweni ndi banja lonse la kutsidya kwa ngalande. Kwa a Nina Cleotilde mupereke moni wanga pomaliza, mukatha kunena zonse, ngati angaulandire.

A Nino akafika mukawaone, muwatengere maapozi a mtengo uja, koma athyole ndi ana. Mwina tsiku lina mutakhala pakhonde adzakufunsani kuti kodi anandiimitsa ntchito ndani. Musadzazembe, Amayi, musadzanamizire boma kapena ndalama. Mudzawauze kuti ndi Leandra, ndipo anakweza mawu.

Ambuye akusungeni mpaka tidzaonane.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Leandra